Mchenga wa Kubango

"Amayi, mwana anali m'mimba mwanu uja munakamusiya kuti?"

Luwiza anafunsa funso limeneli zaka ziwiri zapitazo, mano akutsogolo asanaguluke. Imelda anangomuuza kuti atseke pakamwa, akapirikitse nkhuku pamphale. Mwanayo anaiwala, koma funsolo linatsalira m'nyumbamo. M'mawa uwu linamubwerera Imelda atatuluka ndi tsache m'manja n'kupeza nsalu yake ya maluwa achikasu itamangidwa ndi mphira kukamwa kwa paipi ya thalakitala.

"Abambo a Luwiza, nsalu iyo mwaitenga kuti?"

Vitus, mwamuna wake, anali chagada pansi pa thalakitalayo, mapazi okha akuoneka. Anayankha osatuluka.

"M'sutikesi, pansi penipeni. Ndi chidutswa chabe. Chiyambire sindinakuoneni mutavala."

"Ndafunsa zovala ine?"

"Nanga mukufuna injini imwe fumbi? Kumene ndikupita nayoko mchenga wake ndi wosalala ngati ufa woyera. Ukangolowa m'mapapo mwa injini, basi, ndalira. Paipi ndaikweza m'mwamba, nsaluyo ndi sefa. Akadakhala mkazi wina akadathokoza kuti chidutswa chake chapeza ntchito."

"Imasuleni."

"Iii, amake Luwiza, m'mamawa muno? Ndidzakugulirani ina ku Chipata, yathunthu."

"Yathunthu sindikuifuna. Ndikufuna yomweyo."

Vitus anakwawa n'kutuluka, mafuta akuda ali mpaka m'zigongono. Anakhala pa tayala n'kumuyang'ana mkazi wake ngati munthu amene akufuna kumvetsa koma nthawi ikumuthera. Thalakitalayo inali yaing'ono, yofiira, yosatalika kuposa ngolo ya ng'ombe. Mwini wake anali Joe, mnzake wa Vitus amene ankamanga nyumba yogona alendo kufupi ndi chipata cha m'malire. Joe ankafuna mchenga woyera wa pulasitala mvula isanagwe, ndipo Vitus, amene fodya anamukana zaka ziwiri zotsatana, anavomera kukhala woyendetsa.

"Vuto lanu si nsalu," anatero Vitus. "Vuto lanu ndi Kubango. Chiyambireni kutchula Kubango, m'nyumba muno mwakhala ngati mwagona mlendo wodwala."

"Mchenga uli ponseponse. Bwanji Kubango?"

"Ponseponse pati? Kumunsi konseku malole anakokolola mpaka thanthwe likuoneka. Munalankhulapo inu? Watsala ndi wa Kubango basi, chifukwa lole singafikeko, ngolo ya ng'ombe singafikeko."

"Inunso simunafikeko. Sabata yatha munatitimira polowera mumtsinje penipeni, anachita kukukokani ndi ng'ombe, ana akukuwani."

"Ndiye n'chifukwa chake ndikuikonza."

"Mjigo ukafa timakafukula madzi mumchenga womwe uja. Mukauchotsa tidzamwa chiyani? Nanga madimba a anthu ali pagombe paja? Madzi saiwala khwawa, abambo a Luwiza. Mvula ikabwera idzatenga zonse."

"Madimba ali kutali. Nenani chenicheni. Kapena poti ndine mkamwini, ndiye ndisamakule mwendo? Ndizingolima mizere ya apongozi mpaka msana upindike?"

 Chenichenicho chinalipo, koma sichinali choti mkazi n'kuuza mwamuna. Kubango, kuseri kwa bango kumene mtsinje umakhota, ndi kumene amayi a m'mudzimo ankaika mitayo, ana obadwa atafa kale ndi ena omwalira asanatulutsidwe m'chikuta. Ankapitako akazi okhaokha, popanda bokosi, popanda nyimbo, n'kufukula ndi manja kadzenje kosazama mumchenga wozizira. Mwamuna saloledwa kufikako ngakhale kuuzidwa malowo. Mayi wa mwanayonso satsagana nawo. Mnzake ndiye amamunyamulira, ndipo mnzakeyo ndiye amadziwa penipeni pamene wamugoneka. Theka lina la nsalu ya maluwa achikasu linali kumeneko.

Imelda anawerama n'kuyamba kusesa pamene anali atasesa kale.

Patapita masiku angapo Joe anafika pa njinga yamoto atakweza Osman, wowotcherera zitsulo wa kumsika. Jenereta ndi marimu akale a lole zinabwera pangolo. Tsiku lonse pakhomopo pankathetheka moto wabuluu, ana atazungulira ngakhale ankawathamangitsa kuti achita khungu. Imelda anabweretsa thobwa m'chigubu, n'kugwada pambali kuti athire m'makapu.

"Amayi, manje muone zinthu!" anatero Joe, amene chinenero chake chinali chitasakanikirana ndi cha ku Chipata. "Iyi ikachoka pano iziyenda pamchenga ngati bakha pamadzi. Amuna anuwa chaka chamawa akukhomerani malata, muzidzatiiwala ife."

"Zikomo," anatero Imelda, maso ali pakapu.

Osman anakweza galasi lakuda lija pamphumi, n'kugogoda tayala lakumbuyo ndi sipanala.

"Vuto silinali mphamvu ayi, a Vitus. Vuto ndi manowa. Matayala a mano ndi a kumunda, padothi louma. Pamchenga akamaluma ndiye kuti akudzikumbira okha manda."

Thobwa linatayikira m'mbali mwa kapu. Palibe anaona.

"Ndiye tikuchita chonchi," anapitiriza Osman. "Tayala lililonse lakumbuyo tilipatsa mnzake, akhale awiriawiri. Anzakewo ndasankha akutha mano, a dazi ngati mutu wa a Joe. Pakati pa marimu ndawotchererapo chitsulo kuti asakhulane. Mukafika pamchenga muchotseko mpweya, tayala litambasuke pansi ngati phazi la bakha. Zitsulo zolemera zakutsogolozi zichoke, n'zimene zimakumizani mphuno. Ndiye kumbuyoku tikumangirani chifosholo."

Chifosholocho anachipanga ndi thanki yakale ya madzi yodulidwa pakati, kukamwa kwake n'kuwotchererako sipuling'i ya lole yonoledwa. Vitus ankachisisita ngati mwana wa ng'ombe wobadwa kumene.

"Koma ndifunseko," anatero Osman akumwa thobwa. "Mchenga wabwino chonchi, anthu anausiyiranji zaka zonsezi?"

"Ulesi, mudala," anatero Joe akuseka. "Anthu akumudzi amagonera chuma, m'mawa n'kumalira njala."

"Safunsa anadya phula," anatero Osman.

"Ndafunsa," anatero Vitus. "Amuna onse amene ndawafunsa akuti kulibe mwini wake."

Ankanena zoona. Achinyamata sankadziwa. Akuluakulu amene ankadziwa anangoyang'ana kumbali n'kunena kuti iwo za kumtsinje sazitsata, poti si nkhani yoti mwamuna n'kuitchula pakamwa.

"Chabwino," anatero Osman, n'kutsitsanso galasi lija. "Ine ndimalumikiza zitsulo. Kumene zikupita n'kwa eni ake."

Madzulo dzuwa lisanalowe Imelda anadutsa mpanda wa nkhadze kupita kwa Malita, mnansi wake. Anamupeza akuswa mtedza pamkeka. Malita anali wamkulupo pang'ono, ndipo ndi iye amene ananyamula mwana wa Imelda tsiku lija. Zaka zingapo m'mbuyomo, Malita atapita padera mimba itakula kale, Imelda ndiye anamunyamulira wake.

"Mwaona zimene akupanga kwathuko?" anafunsa Imelda atakhala.

"Ndaona moto. Ndimati mwatsegula shopu."

"A Malita, musaseke. Akuti ikachoka apo ifika Kubango."

"Aaa, mchenga uja? Unameza ng'ombe za a Lonjezo mpaka m'mimba. Amayi athu sanasankhe malo aja mwangozi. Mchenga uja umadzilondera wokha."

"Unkadzilondera kwa ng'ombe. Ichi n'china. Ine ndikuti ndiwauze."

Malita anasiya kuswa.

"Muwauze chiyani?"

"Zimene zili kumeneko."

"Amake Luwiza, mwapenga? Mukamuuza mwamuna malo aja mwadzitseka nokha. Simudzagwiranso mwana m'manja. Sanakuuzeni anamkungwi?"

"Nanga panopo ndine wotseguka? Zaka ziwiri ndasunga pakamwa, ndasunga chilichonse chimene anandiuza. Mwaona mimba?"

"Mulungu ali ndi nthawi yake."

"Thalakitala nayonso ili ndi nthawi yake. Akuti Lolemba."

Malita anatola mtedza umodzi, n'kuutembenuza m'zala osauswa.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiyeni tione kaye ngati iyende. Ikatitimiranso, mudzakhala mutaulula pachabe."

"Ikayenda?"

"Tidzaona pamenepo." Malita anatsitsa mawu. "Ndisakubiseni, anzanga. Amuna anga, a Aleck, awalemba ganyu yosefa mchengawo, ndipo awapatsiratu ndalama. M'nyumba muno mwezi uno mwalowa sopo, mwalowa mchere. Ndikayamba phokoso ine, ndiyambira pati? Khoswe akakhala pamkhate sapheka."

"Wanunso ali komweko, a Malita."

"Ndikudziwa," anatero Malita, n'kuyambanso kuswa mtedza mofulumira, makoko akugwera pamodzi ndi mtedza womwe.

Lolemba thalakitala inayenda. Inatsika gombe pang'onopang'ono, Vitus n'kuima kuchotsako mpweya m'matayala monga anamuuzira Osman, kenako inalowa pamchenga pomwe inatitimira paja. Sinatitimire. Inadutsa ikugwedezeka ngati mayi wonenepa akupita ku ukwati, m'mbuyo ikusiya njira yaikulu yosalala. Ana anathamanga pambuyo pake akukuwa, amuna pagombe anaomba m'manja. Amayi amene anali pamjigo anangoyang'anana, wina n'kutula ndowa yake pansi ngakhale inali itadzaza kale.

Masiku oyambawo Vitus ankakumba cha kumphepete, bango asanalifike. Ankabwera masana thukuta lili kamukamu, akuimba kamluzu. Tsiku lina atamaliza kudya pansi pa mtengo wa mango, Imelda anatuma Luwiza kwa agogo ake, n'kukhala pansi moyang'anana ndi mwamuna wake.

"Abambo a Luwiza, ndili ndi mawu. Mawu ake ndi oti sindiyenera kukuuzani, koma wakutsina khutu ndi mnansi."

"Mwayambanso za madimba?"

"Kuseri kwa bango lija kuli ana."

"Ana a ndani? Ndimawathamangitsa tsiku lililonse, samva."

"Sindikunena oyenda. Ndikunena mitayo. Ya mudzi wonse uno, kuyambira kalekale. Wathu uja ali komweko. Nsalu mwamanga kupaipi ija, theka lake anamukulungira iyeyo."

 Ntchentche inatera pambale, Vitus osaiingitsa. Pamene anayamba kulankhula, mawu ake anali otsika.

"Wathu? Lero wakhala wathu?"

"Anali wathu kuyambira kale."

"Tsiku lija ndinakhala pakhonde apo. Mukukumbuka zimene anandiuza amayi anu? Anati, musalire apongozi, si maliro awa, ndi madzi atayika. Ndinatenga matabwa kuti ndikhome kabokosi, azakhali anu anandilanda hamala m'manja ngati ndine mwana wosewera ndi mpeni. Ndinafunsa kuti anali wamwamuna kapena wamkazi, anati sizifunsidwa. Ndinaona akazi akutuluka kuseri kwa nyumba ndi kamtolo, anati yang'anani kumbali. Ndinayang'ana kumbali. M'mawa mwake ndinapita kukapalira fodya ngati palibe chachitika, palibe ndi mmodzi yemwe anandigwira dzanja. Zaka ziwiri munandisiya ndi madzi anuwo. Lero poti ndapeza pogwira, madzi aja asanduka munthu?"

 Zonse zinachitikadi momwemo.

"Anali wamwamuna," anatero Imelda.

Vitus anaimirira. Anayenda kukafika pathalakitala, n'kugwira paipi ija, koma nsaluyo sanaimasule. Anabwerera.

"Munalakwitsa kundibisira."

"Mwina tinalakwitsa. Koma pano mwadziwa."

"Nditenga wa kumphepete wokha. Kuseri kwa bango sindifikako."

"Mukulonjeza?"

"Ndanena."

Mwina panthawiyo ankanena kuchokera pansi pa mtima. Munthu sungamulowe m'mimba. Koma sabata yotsatira mitambo inayamba kusonkhana cha ku Zambia, ndipo Joe anabweza ngolo imodzi akuti mchenga wa kumphepete uli ndi dothi, pulasitala yake ikung'aluka. Vitus anasiya kuimba kamluzu. Ankachoka m'mamawa, masana osabweranso kudzadya, ndipo Imelda akamufunsa kuti afika pati ankangoti, "Pomwe paja."

Kenako Aleck, mwamuna wa Malita, anasiya kupita kuntchito. Anangokhala pakhonde akuti m'mimba mukumupweteka. Tsiku lachiwiri lake, dzuwa lili paliwombo, Malita analowa pampanda wa nkhadze osaodira, mpango uli m'manja.

"Amake Luwiza, siyani mbalezo. Tiyeni."

"Kwagwanji?"

"A Aleck andiuza zimene zikutsala pasefa. Tiyeni, musandifunse."

Anatsika kumtsinje. Njira ya matayala inali yotakata ngati msewu wa boma, ndipo sinathere kumphepete. Inalowa m'bango, bangolo litagona pansi lophwanyika, mpaka kutulukira kuseri. Kumeneko, pamene kale panali mchenga woyera wosapondedwa ndi phazi la mwamuna, panali dzenje lofika m'chiuno, lalikulu ngati bwalo la nyumba. Thalakitala inali m'kati ikulira, chifosholo chake chikupala khoma la mchenga. Pambali panaimikidwa sefa ya waya. Joe anali atakhala pamthunzi wa ngolo yokokedwa ndi thalakitalayo akusewera ndi foni.

Kuseri kwa sefayo kunali mulu wa zotsala: timiyala, mizu ya bango, mapale a miphika amene amayi amavundikira pamwamba, nsanza za zitenje za mitundumitundu, zina zakale zoti n'kungokhudza zimanyenyeka. Pakati pa nsanzazo panali tinthu tina toyera, topyapyala ngati minga ya nsomba. Galu wa m'mudzi anali akununkhiza m'mphepete mwa muluwo. Malita anamugenda ndi phale.

Imelda anagwada n'kuyamba kufukula muluwo ndi manja.

Injini inazima. Vitus anatsika n'kuima patali pang'ono.

"Musafune mmenemo," anatero. "Mulibe."

Imelda anadzutsa mutu.

"Mwati chiyani?"

"Ndati mulibe. Ndinaika padera."

Analoza patsinde la bango limene linatsala chiimire. Pamenepo panali kamtolo ka nsalu ya maluwa achikasu, kofumbwa m'mbali, katapsinjidwa ndi mwala kuti mphepo isakatenge.

"Liti?" anafunsa Imelda.

Vitus anayang'ana kuthalakitala.

"Ndikufunsa, abambo a Luwiza. Munamupeza liti?"

"Dzana."

"Dzana. Ndiye dzana munabwera kunyumba, ndinakupatsani madzi, munasamba m'manja, munadya. Dzulo munabweranso kuno. Lero mwabweranso."

"Nanga ndikadatani? Chachitika chachitika. Ndikadasiya, akadabwerera m'mchengamo? Ine ndiye ndinachita ulemu, ndinatsika, ndinamutola ndi manja angawa. Akadakhala woyendetsa wina akadangoponya pamulupo."

"Ngati mmene mwaponyera a anzanu."

"Enawo sindikuwadziwa."

"Ee, simukuwadziwa," anatero Malita. "Alibe mayina. Koma aliyense ali ndi mayi ake amene mumapatsana nawo moni pamjigo. Uyu wa chitenje chobiriwira amayi ake anakuphikirani pa chinkhoswe chanu."

Joe anali atayandikira, foni ili m'manja.

"Amayi, amayi, tiyeni tilankhule bwinobwino. Pepani kwambiri, ife sitinadziwe. Koma onani, pano palibe mtanda, palibe chizindikiro, palibe chikwangwani. Manda amakhala ndi mitengo, aliyense amawadziwa. Apa ndi pamtsinje chabe. Ndipo timasefa bwinobwino, palibe chimene chimapita."

"Palibe chimene chimapita?" Imelda anaimirira. Anatapa mchenga wosefedwa kale m'ngolo, n'kuutambasula pachikhatho pamaso pa Joe. "Mwana wosakwana masiku mafupa ake mumawadziwa inu? Ndi ofewa ngati mphukira. Waya wanuyu angagwire chiyani? Ana athu mwawamata pakhoma, a Joe. Ali m'zipinda zanu zija, mmene oyendetsa mathiraki azikagona ndi atsikana awo."

"Aaa, amayi, mawu amenewo ndi olemera."

"Akulemereni. Luwiza anandifunsa kuti mlongo wake ndinakamusiya kuti. Ndinamukalipira. Akadzafunsanso ndidzati funsa abambo ako, ndi amene anasenza mudzi wonse pangolo."

"Amake Luwiza, pali anthu pano," anatero Vitus.

"Pali anthu, eetu. Mwawaponda."

Imelda anapita pathalakitala. Anakwera patayala lakunja lija, la dazi, n'kuyamba kumasula mphira wa kupaipi. Mphirawo unali utalimba ndi dzuwa, ndipo anachita kuuluma ndi mano. Nsaluyo inatuluka yakuda pakati, yozungulira ngati chipsera cha mphika. Anaikung'untha pabondo, natsika. Vitus anangoyang'ana, manja ali lende.

Malita anatenga nsaluyo m'manja mwake.

"Inu musakhudze," anatero. "Ndi ntchito yanga iyi. Ndinamunyamula ndine, ndimunyamulanso ndine."

Anachotsa mwala uja, n'kukulunga kamtoloko m'theka linalo. Maluwa a nsalu ziwirizo anakumana, ena owala, ena ofumbwa.

Joe anayang'ana kumwamba. Mitambo inali itada kumadzulo, ndipo kamphepo kanayamba kuulutsa mchenga.

"Mudala," anatero polankhula ndi Vitus motsitsa mawu, koma onse anamva, "ngoloyi yadzaza kale. Amisiri akudikira. Zinazi mukambirana kunyumba."

"Paipi ili pululu," anatero Vitus. "Injini imwa mchenga."

Joe anakhala pansi, navula nsapato, n'kuvula sokosi imodzi. Anaiveka kukamwa kwa paipi, n'kumanga ndi mphira womwe uja.

"Basi, yatheka."

Vitus anaima pakati pa thalakitala ndi mkazi wake. Anayang'ana kamtolo kali m'manja mwa Malita, anayang'ana ngolo.

"Iyi yokha," anatero. "Yadzaza kale. Kuitsitsa sikuthandiza kanthu."

 Imelda analavula malovu pansi, mchenga n'kuwamwa nthawi yomweyo.

Injini inalira. Matayala awiriawiri aja anatambasuka pamchenga osatitimira ngakhale pang'ono, monga anakonzera Osman, ndipo thalakitala inatuluka m'dzenjemo mosavuta, Joe atakhala pamwamba pa ngolo phazi limodzi lopanda sokosi. Phokoso litazilala kunatsala kulira kwa bango lokha.

Amayi awiriwo anayala mpango wa Malita pansi, n'kuyamba kusankha pamulu paja chimodzichimodzi, nsanza ndi zimene zinali m'kati mwake. Timiyala ankataya. Anagwira ntchitoyo osalira, poti kumeneko sikulirika.

"Ndinakuletsani kunena," anatero Malita pamapeto pake. "Ndinati tidekhe. Sopo anandimata m'maso."

"Ndinanena, ndipo sizinathandize. Tonse tinalephera, wina polankhula, wina pokhala chete."

"Abweranso mawa?"

"Abwera. Mwamva, akuti iyi yokha. Dzulonso inali iyi yokha."

Malita anayang'ana khoma la dzenje, pamene chifosholo chinalekezera.  Ankafuna kufunsa, koma mwambo sunamulole. Imelda anamuona.

"Sanafikepo," anatero Imelda. "Wanu akadali pamene ndinamugoneka. Koma chifosholo chikapala kawiri katatu, chafika."

Malita anatseka maso.

"Musandiuze malo ake."

"Sindikuuzani. Ndikhalapo. Mawa akamatsika gombe adzandipeza nditakhala pamenepo, miyendo nditatambasula. Akafuna mchengawo ayambe wandipala ine, akandimate pakhoma la a Joe, alendo azikandiona."

"Ndi amuna anu, amake Luwiza. Banja lingathe."

"Amuna anga ndi amene anakwera thalakitala ija akuona chimene mwanyamulacho. Za banja tidzakamba ndi ankhoswe. Za pano sizidikira ankhoswe."

Malita anakumbatira kamtolo kaja pachifuwa.

"Ndiye imvani. Uyu ndikamugoneka m'katimo, kumene bango lidakali chiimire, pamodzi ndi anzakewa. Inu musayang'ane. Mawa ine ndidzakhala pamenepo. Ndipo madzulo ano ndiyenda khomo ndi khomo. Mayi aliyense m'mudzi muno alipo wa mnzake amene ananyamula, ndipo akudziwa pamene anamuika. Aliyense adzakhale pa wa mnzake. Tione ngati matayala akewo anawakonzeranso kuyenda pa anthu amoyo."

"Mvula ikagwa?"

"Tidzanyowa. Madzi akadzadza mtsinje adzatilandira ntchito. Kufikira tsiku limenelo, ine pa wanu sindidzachokapo."

"Inenso pa wanu sindidzachokapo," anatero Imelda.

Malita anatambasula dzanja, Imelda n'kuligwira, manja onse awiri ali tuu ndi mchenga. Kenako Imelda anatembenuka kuyang'ana kumudzi, ndipo Malita analowa m'bango.